Kalipentala Aphunzira Kuzemba Mafunso

Kuofesi kwawo ankamutcha Mfundo Zitatu, ndipo dzinalo litayamba kutalika m'kamwa analidula n'kutsala Zitatu. Ntchito yake inali yophunzitsa anthu kuyankhula ndi atolankhani. Kaya ndi bwana wa kampani, kaya wosewera mpira, aliyense wodutsa m'manja mwake ankamva mawu amodzimodzi: "Konzani mfundo zitatu. Mtolankhani akufunseni za mvula, za ndale kapena za agogo anu, inu bwererani ku mfundo zitatuzo." Anali atawongola malilime a anthu ambirimbiri. Lilime limene linkamukanika linali limodzi lokha, la mwamuna amene iye ankafuna kukwatiwa naye.

Mwamunayo anali kalipentala. Ankapanga madesiki a ana asukulu ndi matabwa amene ena ataya, ndipo bungwe lina litamupatsa mphoto ya luso, wailesi ya kanema inamuitana kuti ikacheze naye Loweruka masana, pulogalamu youlutsidwa pompopompo. Zitatu atamva nkhaniyo anayamba wasangalala, kenako nkhawa inamugwira.

Lachiwiri anafika kumalo kumene Kalipentala ankagwirira ntchito, anapanitsa foni yake pa chopanira matabwa kuti izijambula, n'kutola nyundo kuti ikhale maikolofoni.

"Takulandirani, bambo. Tatiuzani, ntchito imeneyi munaiyamba bwanji?"

Kalipentala anaiyang'ana nyundoyo ngati imuluma. Anapukuta manja pa ovolosi yake, kenako anati, "Eee... desiki langa loyamba linathyoka."

"Ima kaye. Ndani wakufunsa za kuthyoka?"

"Koma linathyokadi, aphunzitsi. Anakhalapo mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, mwendo wakumbuyo n'kuti thyo! Anagwa chagada, nsapato m'mwamba. Ana anaseka mpaka belu."

"Zimenezo sunganene pa kanema."

"Bwanji? Si zimene zinachitika?"

"Zinachitika zambiri padziko pano, sitinena zonse." Zitatu anatulutsa kapepala kamene anamulembera. "Werenga. Yoyamba, mwana asamaphunzire atakhala pansi. Yachiwiri, thabwa lotayidwa likadali ndi ntchito. Yachitatu, achinyamata aphunzire luso la manja. Basi. Uziyang'ana wokufunsayo, osati kamera. Usamagwedeze mwendo. Malaya amizeremizere aja usakavale, pa kanema amavina. Ndipo ka 'eee' ako ukasiye konkuno."

"Eee, ndamva."

Zitatu anatsinzina. Munthuyu ankamukonda kwambiri, koma nthawi zina ankalakalaka atamutsegula mutu ndi tchizulo n'kuikamo mawu.

* * *

Nkhawa yake sinali ya madesiki ayi. Nkhani inali kunyumba kwa makolo ake, kumene dzina la Kalipentala linali litagawa banja pakati.

Amayi ake sankamufuna ngakhale pang'ono. Mlandu wake unayamba tsiku limene anabwera koyamba pakhomopo. Amayi atamupatsa moni kuti, "Muli bwanji, bambo?" iye chifukwa cha mantha anayang'ana kumbali n'kuyankha kuti, "Chitseko chanuchi chadyedwa ndi chiswe." Kuyambira pamenepo amayi ankamutcha "uja wa chiswe". Abambo ake m'malo mwake anaseka mpaka misozi, anapita kukagogoda chitsekocho, n'kupeza kuti chinalidi chibowo chokhachokha m'kati. Iwo anamukonda mnyamatayo tsiku lomwelo.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo amayi anaiyambanso nkhaniyo akusita zovala pabalaza.

"Galimoto alibe, suti alibe. Chabwino. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Uyu ngakhale pakamwa pomwe palibe kanthu. Paukwati adzayankhula chiyani? Adzawauza alendo kuti matebulo ndi opendekeka?"

"Akakhala opendekeka adzanena zoona," anatero abambo ali kuseri kwa nyuzipepala.

"Inu bambo ake, musandiyambe. Mwana wathu anali ndi munthu, munthu woti akatsegula pakamwa dziko lonse limamvetsera. Anamusiya n'kukatola wa utuchi."

Munthu amene amayi ankanenayo anali Jekete, mtolankhani wa pa kanema amene sankaoneka opanda jekete ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Zitatu anakhala naye pachibwenzi zaka ziwiri, ndipo anamusiya atazindikira kuti mawu okoma amene ankamuuza ankawauzanso mtsikana wowerenga zanyengo, osasintha ngakhale liwu limodzi. Amayi sanaone vuto lalikulu pamenepo. Iwo ankati munthu wodziwa kuyankhula sangasunge luso lonselo kwa munthu mmodzi.

"Amayi, Loweruka akhala pa kanema," anatero Zitatu. "Muone nokha."

Amayi anaimika chitsulo chositira. "Pulogalamu yanji?"

Zitatu anayankha motsitsa mawu. "Ya Jekete."

"Ehe! Mulungu sagona. Ndiye tamvera, mwana wanga. Ndimuonera pompano, pampando uwu. Akayankhula ngati munthu, abwere Lamlungu tidzadye naye, tikambe za ukwati wanu, ine sindidzatsutsanso. Koma akakayamba za chiswe dziko lonse likuona, usadzanditchulirenso dzina lake m'nyumba muno. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndipo udzaonere limodzi nafe. Sindikufuna uzikamunong'oneza mayankho kuseri kwa kamera."

* * *

M'mawa mwake uthenga unalowa pafoni ya Zitatu asanamwe n'komwe tiyi. Unali wa Jekete. Nambala yake anaifufuta kalekale, koma mutu wake unakana kuifufuta.

"Ndamva kuti mlendo wanga wa Loweruka ndi uja anakulanda m'manja mwanga. Umuuze achotse utuchi m'makutu, ndimafunsa kamodzi."

Zitatu analemba kuti, "Ukamufunse za madesiki."

"Ndikamufunsa zimene anthu akufuna kumva. Anthu sakonda madesiki, amakonda zachikondi. Amayi ali bwanji? Uwauze mkamwini wawo weniweni akupereka moni."

"Ulibe manyazi."

"Ndili ndi owonera."

Zitatu anaponya foniyo pabedi. Jekete ankamudziwa bwino. Ankayamba ndi kumutamanda mlendo mpaka mlendoyo kumasula mapewa, kenako n'kumubaya ndi funso la m'nyumba. Amene watsegula mtima wake pamenepo, pofika madzulo kachidutswa ka kanema wake kamakhala kakuzungulira m'mafoni a anthu, ataikamo nyimbo yoseketsa. Kalipentala, munthu woti akafunsidwa nthawi amafotokoza ndi kumene anagula wotchi, Jekete akanamudya wamoyo. Ndipo amayi akanakhala akuonera.

* * *

Lachitatu Zitatu anabwera ndi jekete lakale la abambo ake. Analivala, anakweza nsidze imodzi monga ankachitira Jekete, anapanitsa foni pa chopanira chija, n'kuloza nyundo pakamwa pa Kalipentala.

"Bambo Kalipentala, dziko lonse likukunyadirani. Manja anuwa ndi agolide." Anaweramira patsogolo n'kutsitsa mawu. "Koma tamva kuti pali kamkazi kena kamene kakukuzunguzani mutu. Tiuzeni zoona, mumakakonda?"

Kalipentala anaiwala kamera, anaiwala kapepala, anaiwala ndi 'eee' yemwe.

"Ndimamukonda," anatero. "Tsiku limene analowa muno koyamba ndinadzikhoma chala ndi nyundo yomwe mwagwirayo, chikhadabo mpaka chinachoka, koma ululu ndinaumva iye atapita. Ndikamapala thabwa n'kuyamba kumuganiza, ndimapezeka ndalipala mpaka lapyapyala ngati pepala. Mwezi uno wokha ndawononga matabwa asanu. Sindidziwa kuyankhula, zimenezo ndikudziwa, koma akanakhala kuti palibe, ine sindikanadziwa kuti ndikudzukiranji m'mawa."

Nyundo inalemera m'dzanja la Zitatu. Miyezi isanu ndi itatu ya chibwenzi chawo, munthuyu anali asananenepo mawu otere. Chikondi chake ankachisonyeza ndi matabwa: anamupangira poika nsapato, kampando ka kukhitchini, ndi shelefu imene Zitatu analibe n'choikapo chomwe. Tsopano mawu aja anatuluka okha, ndipo Zitatu anamva misozi ikubwera. Ankafuna kuvula jeketelo n'kumukumbatira ndi utuchi wake womwewo.

Koma mphunzitsi amene anali mwa iye ndiye anayamba kutsegula pakamwa.

"Walakwa."

"Ndalakwa?"

"Kotheratu. Ukakanena zimenezo, Jekete akakufunsa kuti chala chake n'chiti, akakuuza uchionetse ku kamera, ndipo pofika Lamlungu ana azikuimba m'misewu. Amayi akatseka kanema usanamalize."

"Nanga ndikanene kuti sindikukonda?"

"Ayi! Bodza sitinena. Timangomanga mlatho."

"Mlatho wa matabwa?"

"Wa mawu. Funso lili tsidya lino, mfundo yako ili tsidya linalo. Umavomera kuti funso walimva, kenako umawoloka. Umati, 'Zimenezo n'zakunyumba, koma chimene ndabwerera pano ndi ichi,' n'kupita ku madesiki. Akabwereza, iwenso umabwereza. Akatopa ndi iyeyo. Ine usakanditchule, ngakhale akufunse kakhumi. Wamva?"

Kalipentala anakanda m'mutu. "Ndiye kuti munthu wandifunsa njira ya kuchipatala, ine ndimulozere kumsika?"

"Umulozere kumsika ukumwetulira."

"Ntchito yanuyi, aphunzitsi, mumalandira nayo malipiro?"

"Tiyambirenso."

Asanayambirenso, Zitatu anachotsa foni pa chopanira n'kufufuta zimene anajambulazo, chifukwa lamulo lake linali lakuti wophunzira asamaonerenso yankho lolakwika, lingamukhazikike m'mutu. Chala chake chinazengereza pang'ono pa batani, koma anadina ndithu.

Anayeserera Lachitatu lonse, Lachinayi ndi Lachisanu. Poyamba mlatho wa Kalipentala unkathyokera pakati. Ankati, "Zimenezo n'zakunyumba, koma kunyumbako ndiye ndimamukonda kwabasi." Nthawi ina anawoloka bwinobwino mpaka kufika pa madesiki, kenako anabwerera yekha kudzanena kuti Zitatu akaseka amatseka diso limodzi. Koma munthu amene amatha kupala thabwa lokhota mpaka kuwongoka sakanika chinthu akachiikira mtima. Pofika Lachisanu madzulo, Zitatu anamufunsa funso lija kakhumi ndi kawiri, mokalipa, monyengerera, moseka, ndipo ulendo womaliza Kalipentala anawoloka osaphethira n'komwe.

Zitatu anaomba m'manja. Anali wonyada, ndipo panthawi yomweyo china chake chinamuwawa pachifuwa. Anaganiza kuti mwina ndi utuchi.

* * *

Loweruka masana amayi anavala magalasi awo owerengera, anakokera mpando pafupi ndi kanema, n'kupinda manja ngati woweruza. Abambo anapinda nyuzipepala n'kuiika pambali, chinthu chimene sankachita ngakhale kukabwera alendo. Zitatu anakhala m'mphepete mwa sofa.

Nyimbo inalira, Jekete anaoneka akumwetulira mano onse, ndipo amayi anapumira m'mwamba ngati aona mwana wawo wotayika. Kenako kamera inatembenukira kwa mlendo. Kalipentala anali atavala malaya abuluu opanda mizere, tsitsi atameta, miyendo ili phee.

"Ameneyu ndi uja wa chiswe?" anafunsa amayi akukonza magalasi.

"Ndi yemweyo, amayi."

"Wasamba."

Jekete anayamba monga mwa nthawi zonse, ndi matamando. Anafunsa mmene ntchito inayambira, ndipo Kalipentala anafotokoza za ana amene ankalembera pamaondo atakhala pafumbi. Za mphunzitsi wamkulu wogwa chagada uja sanazitchule. Anafunsa za matabwa, Kalipentala anayankha mwachidule, momveka, akuyang'ana Jekete m'maso. Amayi anamasula manja aja.

Kenako Jekete anaweramira patsogolo, nsidze imodzi m'mwamba.

"Bambo, anthu akunong'ona. Akuti kuseri kwa madesikiwa kuli mayi wina wake, amene wakusambitsani n'kukuphunzitsani kuyankhula. Ameneyu ndi ndani wanu?"

Kalipentala anamwetulira. "Zimenezo n'zakunyumba, achimwene, koma chimene ndabwerera pano ndi ichi: mwana asamaphunzire atakhala pansi."

"Ee!" anatero amayi.

"Tisathawe funso," anatero Jekete. "Pali chibwenzi kapena palibe?"

"Ndamva funso lanu. Koma amene akutionera ali ndi matabwa amene akuwola kuseri kwa nyumba zawo. Thabwa lotayidwa likadali ndi ntchito."

"Mwamumva, bambo ake? Akuyankhula ngati nduna!"

Abambo anangoyang'anitsitsa kanemayo. Jekete anakoka kolala ya jekete lake. Thukuta linayamba kuoneka pamphumi pake, ndipo anataya ulemu wonse.

"Ndikufunsani komaliza, ndipo mundiyankhe inde kapena ayi. Mkazi ameneyu akutionera panopa, mwina ndi makolo ake omwe. Mumamukonda?"

Kamera inayandikira nkhope ya Kalipentala. Zitatu anadzipeza akupemphera, ndipo sanadziwe kuti akupempherera yankho liti.

"Chimene ndimakonda," anatero Kalipentala modekha, "ndi kuona wachinyamata ataphunzira luso la manja."

Amayi anaimirira n'kululutira pabalaza pomwepo. Jekete anatsegula pakamwa, anatseka, anayang'ana mapepala ake, n'kunena kuti apume kaye amve za malonda. Kwa nthawi yoyamba chiyambire pulogalamuyo, wotuluka thukuta anali mwini wake.

* * *

"Ndinalakwa, ndavomera," amayi anali kunena akuzungulira pabalaza. "Mnyamatayu ndi munthu. Mwaona mmene wamukhazikira Jekete? Jekete amene! Abwere mawa. Ndiphika zonse. Ndibwereka mipando kwa aneba, iyayi, ndisabwereke, angaione kuti ndi yopendekeka. Mwana wanga, wasankha bwino."

Zitatu anamwetulira, koma kumwetulirako kunali kwa pamilomo pokha. Mawu amene anawalakalaka kwa miyezi yambiri anali atatuluka m'kamwa mwa amayi ake, ndipo iye sankamva kukoma kwake. Munthu wake anali atafunsidwa za iye katatu dziko lonse likuona, ndipo katatu konse anakamba za matabwa. Ankadziwa kuti ndi iyeyo anamuphunzitsa, koma kudziwako sikunachepetse ululu.

Abambo anadzuka pang'onopang'ono, anapita pa kanema n'kuizimitsa.

"Mawa asaponde pano," anatero.

Amayi anaima chilili. "Mwati chiyani?"

"Ndati asabwere."

"Ababa!" Zitatu anadzuka. "Si inu munkamukonda?"

"Ndinkakonda mnyamata amene anandiuza kuti chitseko changa chadyedwa ndi chiswe, ine ndisanamufunse n'komwe. Uyu ndamuona leroyu sindikumudziwa." Abambo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito yomasulira m'khoti, mwana wanga. Ndamasulira akuba, ndamasulira amuna okana mimba, ndamasulira ogulitsa munda umodzi kwa anthu anayi. Onsewo ankamwetulira choncho. Munthu ukamufunsa kuti inde kapena ayi, iye n'kuyamba kukuuza za achinyamata, yankho lake ndimalidziwa."

"Koma ababa, ndine ndinamuphunzitsa! Ndinamuuza ndekha kuti asakanditchule. Ndi mmene timachitira pantchito yathu. Timati mlatho."

"Unayamba liti kumuphunzitsa?"

"Lachiwiri."

Abambo anawerenga pa zala. "Ndiye wamuphunzitsa bwino, ndipo iye ndi wanzeru. N'chimene chikundiopsa. Munthu amene m'masiku anayi waphunzira kukudumpha dziko lonse likuona, osaphethira n'komwe, akadzakhala nawe zaka zinayi adzaphunzira zingati?"

Zitatu, munthu amene ankadyera kukonzera ena mayankho, anaima pakati pa balaza la makolo ake alibe ngakhale limodzi.

"Inu bambo ake, musasokoneze zinthu," anatero amayi. "Miyezi yonseyi mwakhala mukundinena kuti ndine wouma mtima. Lero ndafewa, mwayamba inu? Mnyamatayo abwera!"

"Akabwera, ine ndituluka."

"Tulukani, mudzatipeza tadya!"

"M'nyumba mwanga muno simulowa munthu wochita manyazi ndi mwana wanga."

"Sanachite manyazi, wachita ulemu! Mumafuna akayalutse mwana wanu pa kanema?"

"Ndimafuna anene liwu limodzi lokha. Ndi lalifupi, ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula amalitha."

Abambo analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, chitseko chatsopano chimene nachonso Kalipentala anawaikira kwaulere. Amayi anawatsatira akulankhulabe, n'kumagogoda. Zitatu anatsala yekha pasofa, ndipo misozi imene anaibweza Lachitatu inabwera tsopano popanda woiletsa.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake. Anapukuta m'maso kuti aone bwino. Unali uthenga wa Kalipentala, wodzaza ndi zithunzi za manja oomba.

"Aphunzitsi anga okondedwa, ndakhoza? Wandifunsa katatu konse koma sindinakutchule ngakhale kamodzi. Abambo asangalala? Mawa ndibwere nthawi yanji? Ndagula kale taye."